Wotchi ya Mlendo wa pa Mlatho

Nkhaniyi anandiuza ndi mayi Felesiya Namakhwa, tikusenda nandolo pakhonde pawo kunsi kwa phiri la Michesi. Ndiifotokoza monga momwe iwo anaifotokozera, osathira mchere. Ambuye achitire chifundo onse otchulidwa muno, amoyo ndi ogona omwe.

Chinali chaka chija cha mphekesera za anamapopa, anthu amene ankati amayenda ndi timakina topopera magazi a anzawo. Panalibe amene anamuonapo namapopa ndi maso ake, koma aliyense anali ndi msuweni amene anamuonapo. Amuna anagwetsa zipika m'misewu, mawezulo m'khosi, zikwanje m'manja. Mlendo aliyense ankaimitsidwa, chikwama chake n'kukhuthulidwa pansi.

Mwamuna wa Felesiya, Dafita Namakhwa, anali wopha mbuzi pamsika wa Chisawani. Anali munthu wadzitho, wanthabwala, ndipo mpeni wake wa chigwiriro cha nyanga ankaunola mpaka kumeta nawo cheya cha pamkono. Chofooka chake chinali chimodzi: ankakonda zinthu zoti anthu azicheukira. Akatseka butchala ankakaima pa tebulo la Che Twaibu, mkulu wokonza mawotchi ndi mawayilesi, n'kumayesa mawotchi a eni ake.

"Che Twaibu, mawotchi anuwa ndi a aphunzitsi opuma ntchito," ankatero. "Ine ndikufuna yoti ndikakweza dzanja m'tchalitchi, kwaya isokoneze nyimbo."

"Gulani ya pakhoma, mumangirire ndi luzi," ankayankha mkuluyo osadzutsa mutu.

Lachinayi lina, tsiku la msika, Che Twaibu atapita ku Limbe kukapikula zipangizo, wezulo inalira ku mlatho cha m'ma 3 koloko masana. Msika wonse unakhamukira komweko. Dafita anathamanga nawo, mpeni uli m'chiuno.

Pakati pa gulu panaima munthu wamtali, wonenepa, wa jekete yachikopa. Katundu wake anali mbwee pafumbi: nsalu ziwiri zatsopano, bulangete, shuga, ndi nsapato za amayi achikulire.

"Ndine Sailesi Muhoko, wa kutsidyaku kwa Mphwanye," ankanena. "Ndachokera ku Joni, zaka khumi ndi chimodzi ndisanaponde kuno. Izi ndi za mayi anga. Tumani munthu akawaitane, si kutali."

"Wa kwa Mphwanye amayankhula choncho?" wina anafunsa, pakuti Chichewa cha munthuyo chinali chitapindika ndi kukhalitsa kwa eni.

Mlendo anakweza manja kuti apepese, ndipo mkono wa jekete unatsetsereka.

Wotchiyo inali yaikulu ngati chivundikiro cha botolo la mafuta odzola. Nkhope yake inali yakuda bii, mkombero wagolide wokhala ndi mano ngati giya ya njinga. M'kati mwake munali timawotchi tina titatu, kalikonse ndi kamuvi kake. Mivi iwiri ikuluikulu inali yobiriwira. Ndipo panali muvi wina wautali, woonda, wofiira psuu, utaima chilili osayenda. Kumbali kunatuluka mabatani atatu ngati mitu ya misomali. Lamba wake anali wachitsulo, wolemera, wa mfundo zonenepa.

"Ndi chimenecho!" anakuwa mayi wina wogulitsa tomato. "Chopopera chija ndi chimenecho!"

"Ndi wotchi, amayi. Wotchi chabe."

"Wotchi yanji ya mivi isanu ndi umodzi? Kwanuko dzuwa limatuluka kangati?"

Ena anaseka, ndipo kusekako kukadapitirira mwina nkhani ikadathera pomwepo. Koma bambo wa wezulo, amene ankatsogolera pachipikapo, anatembenukira kwa Dafita.

"A Namakhwa, inu simuchoka pa tebulo la Che Twaibu. Tatiuzani. Ndi wotchi imeneyi, kapena ayi?"

Dafita anali ataidziwa asanafike n'komwe pafupi. Inali wotchi imene ankailota moyo wake wonse. Mlendo anamuyang'ana monga munthu amayang'anira m'bale wake pakati pa adani. Mawu awiri okha akadakwanira. Koma maso a Dafita anali pa golide uja, ndipo mumtima mwake munabwera kaganizo kakang'ono: akangomuopseza, aivula, aitaya pansi, athawa.

"Ayi," anatero. "Si wotchi imeneyo."

"Achimwene!" mlendo anafuula. "Dikirani ndikuonetseni nonse. Muvi wofiirawu ndi wowerengera mphindi. Ukadina apa umayenda, ukadinanso umaima. Taonani!"

Anadina batani. Muvi wofiira unadumpha n'kuyamba kuzungulira.

"Wayamba kupopa!" Mayi wa tomato anagwira mutu. "Mayo ine, chizungulire! Magazi anga!"

Mwala woyamba unamupeza mlendoyo pakamwa. Wachiwiri unamugwetsa chogwada. Kenaka panalibenso wowerenga. Zibonga zinkamveka ngati anthu akupuntha mapira. Munthu uja anayesa kudzuka kawiri, kachitatu anangokwawa, kulunjika pamene panagwera bulangete, akuitana mayi ake ndi pakamwa podzaza magazi. Njerwa inamuphwanya phewa. Wina anamuponda pakhosi. Dafita sanaponye mwala ngakhale umodzi, ndipo pambuyo pake ankadzitonthoza ndi zimenezo.

Wina atakuwa kuti galimoto ya apolisi ikubwera, gulu linabalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Pa mlatho panatsala anthu awiri.

Dafita anagwada n'kukoka chotsekera cha lamba. Chinakana. Anachikanda ndi zikhadabo, anachiluma ndi mano, osatheka. Dzanja la mlendo linali lalikulu, lamba sakadadutsa. Pamenepo Dafita anachita chimene manja ake ankachita m'mawa uliwonse. Ankadziwa pamene fupa limakumana ndi linzake. Mpeni unalowa kamodzi, n'kuzungulira.

Munthuyo anali asanatsirizike. Zala zake zinagwira chala chachikulu cha Dafita, zolimba, ndipo zinapitiriza kugwira ngakhale dzanja litalekana ndi mkono. Anachita kuzikanula chimodzichimodzi. Dzanjalo analiponya m'bango kunsi kwa mlatho. Wotchi anaikulunga m'kansanza, kunyumba anaitsekera m'chitini, chitini n'kuchikwirira pansi pa thumba la nandolo.

Apolisi anatenga anthu angapo. Dafita sanatchulidwe. Patapita masiku awiri kunamveka kuti wophedwayo analidi mwana wa mayi Muhoko a kwa Mphwanye, ndipo mayi ake anamuzindikira ndi chipsera cha moto cha paubwana. Anamuika m'manda. Koma kwathu kuno maliro sathera pa manda. Abale amasonkhana n'kumeta tsitsi, ndiko kutsanzikana ndi womwalirayo kuti apite kumene akupita. Mayi Muhoko anakana lumo.

"Mwana wanga ndinamubereka ndi manja awiri," anatero. "Sindimeta, ndipo pabanja pano pasapezeke wometa, mpaka linalo libwere."

Chodabwitsa choyamba chinali kusowa kwa mpeni. Dafita anautsuka, anaupachika pamsomali pake, m'mawa msomali unali wokha. Anakalipira mkazi, anakalipira oyandikana nawo, kenaka anabwereka wina.

Chachiwiri chinali phokoso. Felesiya akusesa m'nyumba masana ankamva kanthu kakuti tiki, tiki, tiki, mofulumira ngati mtima wa nkhuku.

"Bambo a Tamala, nandolo uyu walowa anankafumbwe. Ndimuyanike?"

"Usakhudze thumba limenelo!"

Sanakhudze. Koma phokosolo silinkakhala pamodzi. Akapita kuthumba linkamveka kuseri kwa chitseko, akapita kuchitseko linkamveka panja, pansi pa zenera, ngati wina waima pamenepo.

Nazonso mbuzi zinasintha. Mbuzi ikamapita kokaphedwa imalira, imakoka chingwe. Izi zinkangokhala duu, zonse zitayang'ana malo amodzi, kumbuyo kwa phewa lamanzere la Dafita.

Patatha masabata atatu, nkhani itazizira, anafukula chitini chija. Wotchi inkayenda. Nthawi inali yolondola ndendende ndi ya pa wayilesi. Muvi wofiira unali ukuzungulirabe. Ataitembenuza anapeza kuti kumsana kwake kunali galasi, ndipo m'kati munkaoneka kachitsulo konga theka la mwezi kakupukusika uku ndi uku, chikhalirecho wotchi inali phee padzanja pake. Chotsekera chinali chikadali chotseka, koma lamba anali wa munthu wonenepa, choncho dzanja la Dafita linangolowa. Inalemera bwino. Inatsetsereka mpaka pafupi ndi chigongono.

"Chimenecho ndi wotchi kapena mbale?" anafunsa Felesiya, amene tsiku la pa mlatho anali kudimba.

"Nsanje basi. Ndagula kwa munthu wa ku Mozambiki."

Koma akadaionetsa kwa yani? Msika wonse unaiona pamkono wa mwini wake. Munthu amene ankafuna kusokoneza kwaya anayamba kuvala malaya a manja aatali m'dzuwa la Okutobala, thukuta lili kamukamu, n'kumakaisuzumira yekha kuseri kwa butchala.

Lolemba wotchi inasiya kutsetsereka. Inakhala bwinobwino ngati anachita kumuyeza. Tsiku lomwelo Felesiya anapeza kachitsulo konyezimira m'kambale ka mchere. Dafita anakayang'ana, nayang'ana lamba. Inali mfundo ya lambayo. Pamene inachoka sipankaoneka.

Yachiwiri anaipeza Lachitatu, m'chifu cha mbuzi imene anangoitumbula kumene, pakati pa udzu wosagayika. Yachitatu anailuma m'nyama yootcha, dzino n'kusweka. Apa lamba anali atayamba kulowa m'mnofu. Anayesa sopo, anayesa mafuta a mbuzi, dzanja osatuluka. Anadina mabatani onse atatu kuti muvi wofiira uime. Sunaime.

Ndipo 3 koloko iliyonse ankamva zala zikumugogoda pamkono wamanzere, kawiri, mwaulemu, monga amachitira munthu wofunsa nthawi.

"A Namakhwa, mulibe ulemu," anatero kasitomala wina, mayi wosawadziwa, akulandira nyama. "Anzanuwa aima nthawi yonseyi, osawapatsa mpando?"

"Anzanga ati?"

"Awa a jeketewa..." Mayiyo analoza, kenaka anatsitsa chala pang'onopang'ono. Nyama anaisiya pa tebulo pomwepo.

Dafita sanacheuke. Anangomva fungo la chikopa ndi la bango lonyowa.

Felesiya nayenso anamuona, masana dzuwa lili paliwombo. Anaima kutsidya kwa msewu pansi pa mtengo wa mango, munthu wamtali. Nkhope akuti sanaione, mthunzi unaibisa. Anangoona mkono umodzi wa jekete ukulendewera, mphepo ikuupeperutsa kumapeto.

Zala zitatupa ngati nthochi, Dafita anapita kwa Che Twaibu, nadikira mpaka anthu atachoka. Anapinda malaya.

Mkuluyo anaika kagalasi kake pa diso. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Batire lake likatha mwina imasuka," anatero Dafita, akuyesa kuseka.

"Ilibe batire. Mtundu uwu umadya mkono wa mwini wake. Ukamayenda, ukamagwira ntchito, kachitsulo ka kumsanaka kamapukusika, ndiye chakudya chake. Ukaivula n'kuisiya pansi, masiku awiri yafa."

"Iyi yakhala m'chitini masabata atatu. Ndinaipeza ikuyenda."

Che Twaibu anachotsa kagalasi pa diso.

"Ndiye ankaipukusa ndani?"

Mkuluyo anafinya chotsekera mbali zonse ziwiri nthawi imodzi.

"Chimatseguka chonchi. Ngakhale mwana akhoza, akangouzidwa. Simunafunse?" Anafinyanso. Chinakana. Anatenga kasowo kake kodulira zitsulo, nalowetsa pakati pa mfundo ziwiri. Atangokoka kamodzi, kasowo kanathyoka ndi phokoso, chidutswa chinamung'amba tsaya kuyambira pakamwa mpaka kukhutu. Magazi anadontha pa mawotchi a eni ake.

Che Twaibu anagwira tsaya ndi chipewa chake, nayankhula motsitsa.

"Ndinamva kuti pa mlatho anthu anakufunsani funso, a Namakhwa. Anakufunsani chifukwa cha tebulo langa lino. Chokanipo. Mfundo zatsala zoti zichoke ndi ziwiri, kenaka ndi fupa. Kabwezeni kwa eni ake, ndi china chilichonse chimene munatenga."

M'mawa mwake Dafita anaulula zonse kwa mkazi wake, atakhala pamwala kuseri kwa nyumba. Felesiya anamvetsera mpaka pa mpeni, kenaka anapita kuseri kwa nkhokwe kukasanza. Atabwerako sanamutukwane. Anangoti, "Tiyeni kubango."

Anafufuza tsiku lonse, matope mpaka m'mawondo, bango likuwacheka. Anapeza nsapato imodzi ya amayi achikulire. Dzanja sanalipeze.

"Ndiye tipite opanda kanthu?" anafunsa Dafita. Zala zake zinali zitayamba kuda.

"Tipita ndi pakamwa panu. Mukagwade pamaso pa mayi aja, munene zimene mwandiuza ine. Akakumenyani, akumenyeni. Akaitana apolisi, awaitane. Mwina akakhudza okha chitsulochi chimasuka."

Ananyamuka Lachinayi. Felesiya anakulunga mkonowo ndi chitenje. Podutsa pa mlatho phokoso la wotchi linakula mpaka ankalimva onse awiri, ndipo kumbuyo kwawo matabwa a mlatho ankalira ngati oyenda ndi atatu.

Polowera kwa Mphwanye panalinso chipika. Chiphedwere mwana wawo, anthu a kumeneko sankakhulupirira aliyense wochokera kutsidya. Amuna asanu ndi awiri anadzuka pamthunzi, zikwanje m'manja. Ena anatuluka m'minda.

"Mukupita kuti, akuluakulu?"

"Kwa mayi Muhoko," anayankha Felesiya. "Tili ndi mawu."

"Nanga madalawa abisa chiyani m'chitenjemo? Masulani."

"Ndi bala, abale anga."

"Bala timaliona. Masulani!"

Chitenje chinagwa. Dzuwa linamenya pa golide. Anthu anabwerera m'mbuyo ataona dzanja lakuda lotupa, nkhope yakuda ya mivi isanu ndi umodzi, ndi muvi wofiira ukuthamanga. Aliyense anali atamva kuti chopopera chimaoneka motero. Kuti Sailesi anafera wotchi, anali asanauzidwe ndi munthu.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi wotchi," anatero Dafita. "Wotchi chabe."

Anthu anayang'anana. Felesiya akuti anaona zikwanje zikutsika pang'ono. Pamenepo kumbuyo kwa gulu kunamveka mawu a mwamuna, odekha, a Chichewa chopindika cha munthu wokhalitsa ku Joni.

"Ayi. Si wotchi imeneyo."

Mpaka lero palibe wa kwa Mphwanye amene amavomera kuti ananena mawu amenewo.

Chibonga choyamba chinamugwetsa Dafita chafufumimba. Felesiya anadziponya pamwamba pake, koma anthu anamukoka tsitsi n'kumutaya kumbali. Anaona mwamuna wake akuphimba mutu, nthiti zikulira pansi pa zidendene, mwala ukumung'amba chipumi. Anadzuka n'kuthamangira m'mudzi, akukuwa dzina la mayi Muhoko khomo ndi khomo.

Anawapeza atakhala pakhonde, mayi wamng'ono thupi, tsitsi la imvi lili nyankhalala. Felesiya anagwa pamapazi awo nanena zonse m'mpweya umodzi: mlatho, funso, bodza, mpeni, bango. Mayiwo anamvetsera osaphethira. Kenaka anatenga ndodo yawo.

Atafika pachipika anapeza kuli zii. Anthu anali ataima mozungulira, kutali, ngati pakati pagwa mphenzi. Dafita anali gone chagada, akupuma. Mkono wake wamanzere unathera pa mfundo, podulidwa bwinobwino, kamodzi n'kuzungulira, monga amadulira odziwa ntchito. Dzanja panalibe. Wotchi panalibe.

"Wadula ndani?" anafunsa mayi Muhoko.

Amuna aja anaonetsa zikwanje zawo mmodzimmodzi. Zonse zinali zouma. Ankati fumbi linachuluka, anamva munthu akudutsa pakati pawo, phewa lake lozizira, ndipo atabwerera m'mbuyo anapeza zili chomwecho. Pamwamba pa chipika panali mpeni wa chigwiriro cha nyanga, wonyowa.

Mayi Muhoko anamuyang'ana Dafita nthawi yaitali. Sanamulavulire, sanamudalitse.

"Mmangeni mkonowo, mupite naye kuchipatala," anatero. "Asafere pano. Ine ndikudziwa kumene chapita."

Anayenda okha kumanda, anthu akuwatsata chapatali. Pamwamba pa mtumbira wa Sailesi panali dzanja lakuda, wotchi ili pamkono pake. Muvi wofiira unali utaima. Adzukulu anakumba kumbali yamanzere nalikwirira momwemo, wotchi ndi zonse. M'mawa mwake banja la a Muhoko linameta.

Felesiya atafika pamenepa anasiya kusenda nandolo. Kumapeto kwa khonde kunali bambo amene anakhala chete nthawi yonseyi, woonda, wa chipsera pachipumi, mkono wamanzere wa malaya utapindidwa n'kumangidwa ndi pini. Atachira anakadzipereka yekha kupolisi, ndipo zaka zimene anapatsidwa anazigwira zonse.

"Mwawauza zonse, amake Tamala?" anafunsa.

"Zonse."

"Simunawauze za dzanja." Anatembenukira kwa ine. "Silinagone, alendo. Ndimalimva. Mvula ikagwa ndimamva kuzizira kwa dothi m'zala. Koma si zokhazo. Nthawi zina limafumbata. Nthawi zina limakanda, limaloza, limagwedezeka ngati munthu akuyenda ulendo. Ine ndakhala phee pano, koma ilo lili pa ntchito. Alipo akuligwiritsa ntchito."

Ndinayang'ana Felesiya. Anaweramitsa mutu.

"Chaka chatha mayi Muhoko anamwalira," anatero. "Ndinapita kukawaperekeza, chifukwa pakadapanda iwo bwenzi ndili wamasiye. Anawaika pafupi ndi mwana wawo. Nyimbo itatha, abusa asanayambe pemphero, panali kamphindi ka bata. Ndinaimva wotchi ija ikugunda pansi pa dothi. Sindinali ndekha, onse oima mbali imeneyo anasuntha."

"Che Twaibu anati masiku awiri," anatero Dafita, akusisita pamene panathera mkono. "Masiku awiri ikakhala pansi, yafa."

Tinagwada pakhonde pomwepo tonse atatu, pakati pa makoko a nandolo, ndipo tinapempherera Sailesi Muhoko, amene anangofuna kupereka bulangete kwa mayi ake. Tikunena ameni, wayilesi ya kwa oyandikana nawo inalengeza kuti nthawi yakwana 3 koloko. Dafita anagwira mkono wake wamanzere, nayang'ana kumbali, monga munthu amene wagogodedwa kawiri.